Liwiro Labodza la ku Derb Ghallef

Nouhaila analowa mu msika wa Derb Ghallef nkhope ili gwa, laputopu ataikumbatira pachifuwa ngati khanda lodwala. Dzulo lake anali ataphwanyira mawusi ya laputopuyo kukhoma chifukwa cha ukali. Gemu inkachedwa kutseguka, moti pomwe iye ankalowa m'bwalo la nkhondo, anzake a m'timu anali ataomberedwa kale onse.

Ilyas, kaputeni wa timu yawo, sanam'bisire mawu. "Ukapanda kusintha SSD yosungira magemu yakoyo, ku mpikisano wa mumzinda muno sukapondako. Ndatopa n'kufa chifukwa cha iwe!"

Ali m'kanjira kothina ka ogulitsa mafoni, chimunthu china chamimba chinagwira lamba wa chikwama chake.

"Bwera kuno chiphadzuwa, kwa ine zonse n'zotchipa!"

"Ndisiyeni!"

"Ukunyadira chiyani iwe? Kodi ukudziona ngati..."

Sanamalize. Chibakera chinatera pakamwa pake, phwa! Chimunthu chija chinadzandira n'kugwera patebulo la machaja, zinthu zonse balala. Amene anam'menyayo anali mnyamata wamtali, wa maso ofatsa osagwirizana ndi dzanja lakelo.

"Ukadzam'gwiranso, mano otsalawo udzawatolera mu kapu," anatero mnyamatayo. Kenako anatembenuka, mawu ake atasungunuka ngati batala. "Pepani achemwali. Ndine Anouar. Kashopu kanga ndi ako. Bwerani mukhale pansi, mukunjenjemera."

Nouhaila anam'tsatira. Akanakana bwanji?

Anouar anaitanitsa tiyi wa minti, napukuta magazi a pazala zake, n'kumasula laputopu ija mwaulemu ngati akutsegula mphatso. Anatulutsa ma SSD awiri m'kabati yagalasi. Ina inali yaikulu ngati kabokosi ka sopo. Inayo inali kakang'ono, kopyapyala ngati chingamu.

"Sindikuuzani zambiri, muone nokha," anatero. "Yaikuluyi ndi ya SATA, mtundu womwe muli nawo kale. Taonani."

Anailumikiza n'kuyesa liwiro lake. Pa sikirini panatuluka nambala yongopitirira 500.

"Ameneyu ndi bulu. Amafika ndithu, koma akafika ukwati watha. Tsopano onani kavaloyu."

Analowetsa kakang'ono kaja, ka NVMe. Nambala inalumpha mpaka kupyola 3,000. Anaikamo gemu ya Nouhaila, ndipo mtsikanayo asanatsitse kapu ya tiyi pakamwa, bwalo la nkhondo linali litatseguka kale.

"Ayi! Bwerezani!" anakuwa Nouhaila.

Anouar anabwereza, akuseka. "Mwaona? Komatu pali china chothamanga kuposa pamenepa."

"Chiyani?"

"Mtima wanga, chilowereni inu muno. Umenewo makina oyezera sanapangidwe."

"Mumawauza choncho atsikana onse?"

"Atsikana ena ndimawagulitsa bulu."

Nouhaila anaseka mpaka tiyi anam'tsamwa. Anouar anatenga laputopu n'kulowa nayo kuseri kwa katani komwe kunali zida zake, nati akaikemo SSD yatsopano ya m'paketi, yokhala ndi malo okwanira magemu onse a padziko. Atatuluka anaipereka ndi manja awiri, pamodzi ndi nambala yake ya foni.

Chikondi chinayaka ngati moto wa pa udzu wouma. M'mawa uliwonse, Nouhaila asanadye n'komwe mkate wake wa msemen wopaka uchi, foni inali italira kale.

"Wadzuka bwanji mbawala yanga? Dzuwa lafunsa ngati lingatuluke, ndaliuza lidikire uyambe watsegula maso."

"Wabodza iwe!" iye ankayankha, kumwetulira kuli mpaka m'makutu.

"Ndikanama Mulungu andidule lilime. Ukangopambana mpikisano, ndikubwera ndi mayi anga kwanu kudzakufunsira ukwati, titanyamula shuga ndi maluwa. Iwe ndiwe wanga mpaka kumanda."

Ankakumana ku gombe la Ain Diab, kudya chimanga chootcha, mphepo ikuwaomba. Koma Anouar anali ndi dzanja lofulumira. Tsiku lina mnyamata wa njinga yamoto anangomuimbira Nouhaila likhweru. Anouar anam'kokera pansi, nam'ponda m'nthiti mpaka anthu anachita kum'gwira. Nouhaila anaopa, komabe mumtima munali kena kake kotsekemera. Mwamuna womenyera iye nkhondo chotere, angam'pezenso kuti?

Anzake a m'timu ataona mmene gemu inkatsegukira pa laputopu yake, nsanje inawagwira.

"Wagula kuti?" anafunsa Ilyas.

"Kwa Anouar. Tiyeni nonse, ndikuperekezani. Ndi munthu wanga, sangakubereni."

"Munthu wako? Wam'dziwa liti?" Ilyas anakwinya nkhope. "Mlongo wanga, ku Derb Ghallef ngakhale mthunzi wako umayenera kuuyang'anira."

"Nsanje basi! Si iwe amene unaona liwiro lake ndi maso ako?"

Anapita onse. Anouar anawayesera bulu ndi kavalo monga anachitira poyamba, manambala analumpha, anyamata anaomba m'manja. Malaputopu anayi analowa kuseri kwa katani. Mbiri inafalikira m'magulu a osewera, ndipo aliyense ankati, "Pitani kwa chibwenzi cha Nouhaila."

Patapita nthawi, laputopu ya Nouhaila inayamba kuchita zachilendo. Akaikamo gemu yatsopano, yakale inkakana kutseguka. Zithunzi zina zinkangosanduka mabokosi akuda.

"Wokondedwa, SSD ija ikundidabwitsa," analemba.

"Ndi kutentha chabe, duwa langa. Ibweretse ndiipukute fumbi. Usadandaule, nkhawa zako zonse ndi ntchito yanga."

Anaipukutadi, nafufuta magemu ena amene anati ndi olemetsa. Inakhalako bwino. Nouhaila anadzidzudzula chifukwa chokayika.

Tsiku la mpikisano holo inadzaza. Panali magetsi amitundumitundu, zimkuzamawu, achinyamata akukuwa mayina a matimu awo. Okonza mpikisano analamula kuti aliyense aike mapu atsopano a gemuyo mu laputopu yake masewera asanayambe. Anali mafayilo aakulu zedi.

Anouar sanabwere. Anangotumiza uthenga: "Shopu yandipanikiza, mtima wanga. Aphe onse, ine ndikukupempherera."

Nkhondo inayamba. Nouhaila anagwetsa adani awiri motsatizana, holo yonse inaimirira. Anali akulunjika wachitatu pamene chithunzi chinauma. Kenako sikirini inachita bii.

"Ilyas, yanga yazima!"

"Yanganso!"

"Yanga ikuti mafayilo aonongeka!"

Mmodzimmodzi, onse asanu anatuluka m'masewera. Adani awo anangoyenda m'bwalo n'kumaombera zidole zoima chilili. Holo inaphulika ndi kuseka, ena akuimba malikhweru, ena akuponya mabotolo.

Ilyas anatembenuza laputopu yake pomwepo, naimasula, nazula SSD ija. Anakanda sitika yake ndi chikhadabo. Inamatuka mosavuta. Pansi pake panalibe dzina la kampani iliyonse, koma kachipangizo kotchipa, kokandikakandika.

"Taona!" anakuwa, akukalozetsa kumaso kwa Nouhaila. "N'chachinyengo ichi! Chimanama kuti chili ndi malo ambiri, chikadzaza chimayamba kudya mafayilo. Ija ankatiyesera ndi ina, kuseri kwa katani ankaikamo zinyalala izi!"

"Sizoona... mwina nayenso anam'pusitsa..."

"Ukumuikirabe kumbuyo? Kapena munkagawana?"

Mbama ya Nouhaila inalira pa tsaya la Ilyas, phaa! Ilyas ananyamula mpando n'kuuphwanyira patebulo, makiyibodi n'kuuluka. Alonda anathamangira. Koma mawu anali atamveka kale m'holo monse, ndipo ogula kwa Anouar sanali asanu okha.

"Ku Derb Ghallef!" wina anakuwa. "Tikam'phunzitse!"

Nouhaila anathamangira panja n'kuimitsa takisi yofiira. Ali m'njira anaimba foni, osayankhidwa. Anaimbanso. Analemba, misozi ikudonthera pa sikirini: "Thawa! Akubwera! Koma undiuze kuti sunadziwe. Chonde undiuze kuti sunadziwe!"

Uthengawo unawerengedwa. Yankho silinabwere.

Anyamata okwiya a ku holo aja, ali pa njinga zamoto, anam'pitirira pa mphambano. Pomwe iye ankafika, phokoso linkamveka kuchokera kumsewu. Kabati yagalasi inali itaphwanyidwa. Katani ija inali itang'ambidwa, ndipo kuseri kwake kunali katoni yodzaza ndi masitika onyezimira ndi timapaketi topanda kanthu. Panalibenso chofunsa. Anouar ankadziwa zonse.

Mwini wakeyo anali pansi, pakati pa miyendo ya anthu. Nsapato zinkam'gwera ngati matalala. Chimunthu chamimba chija chinalinso pomwepo, chikubweza ngongole ya mano ake.

"Wakuba! Galu!"

"Muthyoleni manja omatira masitikawo!"

Magazi ankatuluka m'mphuno ndi m'kamwa. Diso limodzi linali litatsekeka. Lotsalalo linam'peza Nouhaila m'khamulo.

"Mbawala yanga... ndithandize..."

Mtima ndi chitsiru! Nouhaila ankadziwa kuti munthuyu wam'pusitsa, wam'chititsa manyazi pamaso pa mzinda wonse, wagulitsa zinyalala pogwiritsa ntchito dzina lake. Koma ataona mnyamata wina akukweza chitsulo chotsekera shopu, akulunjika pamutu pa Anouar, miyendo yake inathamanga yokha.

"Musamuphe!"

Anadziponya pamwamba pake, dzanja lamanja atalikweza. Chitsulo chinatera pa dzanjalo, khoo! Kulira kwa fupa kunamveka kwa aliyense. Nouhaila anakuwa kamodzi kokha, mawu n'kumuthera.

Khamu lija linabwerera m'mbuyo. Womenyayo anataya chitsulo n'kuthawa. Ilyas, amene anali atangofika, anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Nouhaila! Wachita chiyani? Dzanja lako!"

Kutali kunamveka kulira kwa galimoto ya apolisi, ndipo anthu anayamba kusungunuka m'tinjira ta msika. Nouhaila anakhala pansi pa magalasi osweka, thukuta lozizira lili kamukamu. Ndi dzanja lamanzere anakweza mutu wa Anouar n'kuuika pamwendo pake.

"Bwanji, Anouar?" ananong'ona. "Ngakhale ine? Ukanandiuza kuti zinthu zakuvuta..."

"Ndikufotokozera, mtima wanga. Zonse ndikufo..."

"Anouar! Mayo ine, Anouar!"

Mayi wina wachitsikana anatulukira akukankha anthu, atavala mkanjo wa jelaba wobiriwira, mpango utam'gwera paphewa. Kumanja anali atanyamula kamwana, ndipo mimba yake inkaonekeratu kuti ili pafupi. Anagwada pa magalasi omwewo, nayamba kupukuta nkhope ya Anouar ndi mpango wake.

"Mwamuna wanga! Akupha, mwamuna wanga! Ndinakuuza ine kuti usiye zimenezi!"

Kamwana kaja kanatambasula manja. "Baba! Baba!"

Nouhaila anaona msika wonse ukuzungulira. Ululu wa dzanja unasowa kaye, kunabwera wina woposa.

Mayiyo anatembenuka, maso ali jenjenje ndi misozi. "Andiuza kuti ndinu mwam'tchinjiriza. Mulungu akudalitseni, achemwali, mwapulumutsa bambo wa ana anga. Ine ndine Soukaina, mkazi wake." Kenako anaona mutu wa mwamuna wake uli pamwendo pa mlendoyo, ndipo mawu ake anazizira pang'ono. "Anouar, kodi amenewa ndi ndani?"

Nouhaila anam'yang'ana Anouar m'diso lotsekuka lija. Sanafune zambiri. Ankangofuna kuti kamodzi kokha, munthuyu anene zoona.

Anouar anachotsa mutu wake pamwendopo pang'onopang'ono, nautsamiritsa pachifuwa cha mkazi wake. Analavula magazi.

"Ndi kasitomala chabe," anatero. "Dzina lake ndaliiwala."

Ilyas anafuna kum'dumphira, koma Nouhaila anam'gwira malaya ndi dzanja lamanzere.

"M'siye. Ndidzutse."

Anaimirira movutikira. Dzanja lamanja linali lendewu, litatupa, zala zitapindika mosayenera. Anayesa kugwedeza chala cholozera, chimene chinagwetsa adani awiri masana omwewo holo yonse itaimirira. Sichinasunthe.

Apolisi anafika akukankha anthu. Mmodzi wa iwo, wa ndevu za imvi, anayang'ana katoni ya masitika, anayang'ana Anouar, kenako dzanja la mtsikanayo.

"Mwana wanga, ambulansi ikubwera. Koma tandiuza, munthu uyu ukum'dziwa?"

Anouar anadzutsa mutu, diso lake likupempha. Soukaina anakumbatira mwana wake. Nouhaila anapukuta misozi ndi phewa.

"Ndikum'dziwa bwino, bwana," anayankha Nouhaila. "Tsegulani foni yangayi, ine dzanja silikugwira. Mauthenga ake onse ali momwemo. Muwerenge mokweza, mayi awa amve nawo."