Mphindi Yofulatira Bwalo

Anakumana pa siteshoni ya sitima ku Blacktown, Losaline akuweruka ku ntchito. Davor, mnyamata wa pakamwa potsekemera ngati nzimbe, sanachedwe.

"Chiphadzuwa, Loweruka tikaonere mpira. Ukaone mmene timakondera ife."

Masewero atatsala pang'ono kutha, ng'oma inalira. Ochemerera onse anafulatira bwalo, nagwirana m'mapewa, n'kumadumpha.

"Mwapenga kodi?" anafunsa Losaline.

"Anayambitsa ndi agogo anga ndi anzawo a kufakitale," anatero Davor. "Eni timu ankafuna kugulitsa bwaloli, iwo anakwiya n'kufulatira. Ali chifulatire, chigoli! Ndiye timati amene umamukonda sumamulondera. Wocheuka ng'oma isanaleke walodza timu."

Mawuwo anamulowa mtsikanayu mpaka m'mafupa.

Miyezi inadutsa, mauthenga ali mbwee. "Mtima wanga, ndiwe wekha." "Lamulungu likubwerali ndidzaonekera kwa makolo ako."

Koma mkulu wake wa Losaline, Kalisi, sizinkamukomera. "Iwe, kwawo unafikako? Nanga akaweruka foni amazimitsiranji? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere!"

"Nsanje basi," anayankha Losaline. Bambo ake anali ataitanitsa kale nkhumba yowotcha, abale onse atauzidwa.

Loweruka kunabwera uthenga. "Ngenge yanga, andigwira ku ntchito. Nawe usapite ku mpira, anthu alusa lero."

Bwanji osapita? Anapita yekha, nakhala m'mipando ya m'munsi, malo achilendo. Mitambo inali bii, timu ikugonja.

Ng'oma inalira. Anafulatira limodzi ndi onse, maso ake n'kugwera pa misana ya okhala kumtunda. Munthu mmodzi yekha sanatembenuke: mayi woyembekezera, pamzere wotsatira, akuyang'ana uku ndi uku modabwa.

"Achemwali," mayiyo anakuwa akumwetulira, "zimenezi n'zotani? Amuna angawa lero ndiye koyamba kunditenga."

Losaline anayang'ana dzanja limene linali paphewa pa mayiyo. Anayang'ana khosi la mwini dzanjalo, makutu, kadumphidwe. Mayo ine! Msana umenewo akanaudziwa ngakhale pakati pa anthu chikwi.

"Davor!"

Msanawo unasiya kudumpha. Unauma gwa, koma sunacheuke.

"Mukudziwana?" mayiyo anafunsa, kumwetulira kukuzilala.

Losaline anayang'ana mimbayo, misozi ili chuchuchu.

"Mawa amayenera kudzandifunsira kwathu, mayi. Afunseni ng'oma ikaleka."