Goloboyi Wachiwiri

Lole inali itafika kale pasukulu, injini ikulira, koma goloboyi sankaoneka. Aphunzitsi a Bestone Nyirenda ankangozungulirazungulira ngati nkhuku yofuna kuikira, foni ili kukhutu. Tsikulo timu ya sekondale yawo, ya kufupi ndi Manyamula, inkapita ku Mzimba boma kukasewera mpira wa ndime yomaliza ya chikho cha masukulu, koyamba chikhalire sukuluyo.

"Zondwayo ali kuti?" anakuwa motero.

Anyamata anayang'anana. Kenako Nicholas, kaputeni wa timu, anayankha chapansipansi. "Sala, wapita ku Joni. Amalume ake anamupezera malo m'galimoto dzulo. Akuti kumeneko kuli phindu kuposa kugwira mpira kuno."

A Nyirenda anatsitsa foni ija n'kuiika m'thumba. Iwo ankaphunzitsa za bizinesi, ndipo timu ankaiyendetsa ngati golosale. Kunena zoona, nzeru zawo zina zinkathandiza. Wosewera aliyense anali ndi ntchito yakeyake m'bwalo, ndipo timu inayamba kupambana mpaka anthu kumasiya kumunda kudzaonerera. Koma bambo aja anapitirira nazo muyeso. Chaka chikuyamba anali ndi magoloboyi awiri, Zondwayo ndi Tumbikani. Iwo anati wamalonda wanzeru sasunga katundu wongogona pashelefu. Magolovesi, nsapato ndi nthawi yonse yophunzitsa anazipereka kwa Zondwayo. Tumbikani anamuuza pamaso pa anzake kuti asamadzivute kubwera kubwalo.

"Nanga Tumbikani tingamupeze kuti?" anafunsa a Nyirenda, mawu atatsika.

"Masiku ano amapezeka pamsika, sala," anatero Nicholas.

A Nyirenda anabwereka njinga ya mlonda n'kupalasa mwaliwiro, fumbi lili koboo kumbuyo. M'njiramo ankakonza mawu okoma oti akamunyengerere mnyamatayo. Ankadziwa kuti akachita manyazi, koma manyazi si kanthu poyerekeza ndi chikho.

Anamupeza pansi pa mtengo pamene pamaima akabaza, akupopa tayala la njinga. Anali ataonda, kolala ya malaya itang'ambika. Ataona aphunzitsi ake anaimirira n'kuvula chipewa.

"Yewo, sala."

"Tumbikani mwanawe, siya njingayo. Zondwayo watithawa. Tiye ukagwire pagolo lero."

Nkhope ya Tumbikani inawala pang'ono, kenako inagwanso. "Ndikanakonda chomene, sala. Koma paja mpikisanowu ndi wa ana asukulu."

"Nanga iweyo ndiwe ndani?"

"Ine sukulu ndinasiya temu yatha."

A Nyirenda anamuyang'anitsitsa. Mnyamatayu anali wa m'kalasi mwawo momwe, Fomu 3, ndipo ankakhala kumbuyo pafupi ndi zenera. Temu yonseyi iwo ankalowa m'kalasimo, kuphunzitsa za phindu ndi kuluza, n'kutuluka osaona kuti pazenera paja palibe munthu.

"Chifukwa chiyani osandiuza?" anafunsa mwamanyazi.

"Adada ankafuna kalekale kuti ndisiye, ndiziwathandiza pakhomo," anatero Tumbikani, maso ali pansi. "Ine ndinkakakamira chifukwa cha mpira. Ndinkawauza kuti tsiku lina akandiona ndikugwira ku boma, mwina matimu akuluakulu akanditenga. Mutandichotsa, mbwenu ndinasowa chowayankha."

Sanalankhule mwaukali, ndipo zimenezo n'zimene zinawapweteka kwambiri a Nyirenda. Bola akanawatukwana.

"Lolemba ubwere kusukulu," anatero a Nyirenda. "Za mpira zisiye. Ndikalankhula ndi ahedi, ndikaonananso ndi adada ako. Wamva?"

Tumbikani asanayankhe, mayi wina anamukodola ali ndi thumba la chimanga. Mnyamatayo anamanga thumbalo pakaliyala, anawerama pang'ono kutsanzika aphunzitsi ake, n'kuyamba kukankha njinga kulowera kuchigayo.

Ku boma pagolo anaikapo Nicholas, yemwe anali asanagwirepo mpira ndi manja chibadwire. Zigoli zinalowa mpaka ochemerera a timu inayo anayamba kumumvera chisoni. Pobwerera m'lole munalibe nyimbo. A Nyirenda anakhala kutsogolo, ndipo za chikhocho sankaziganiza n'komwe.

Lolemba m'mawa analawirira kusukulu n'kukaima pakhomo la Fomu 3, maso ali kunjira yochokera ku Manyamula. Ana anafika m'magulumagulu, ena wapansi, ena panjinga. Belu linalira, ochedwa anathamanga, njira inatsala yokha. Tumbikani sanabwere.