Abakha a M'bafa

Panali mtsikana wina amene kwawo ankamutcha Kamphepo. Mwanayu sankadziwa kuyenda. Ankangothamanga. Kudya, msangamsanga. Kuvala, msangamsanga. Ngakhale kuganiza komwe, msangamsanga.

Kamphepo ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna bafa loyera.

Bafa la kwawo silinali loyera. Linali ndi matailosi obiriwira. Anali akalekale. Anawapeza momwemo pamene ankasamukira m'nyumbamo. Pa matailosi ena panali zithunzi za abakha. Abakha achikasu, asanu ndi awiri. Wina anali pafupi ndi zenera. Wina anali ndi mng'alu pakhosi. Wina anali pansi penipeni, pakona, kuseri kwa ndowa.

Tsiku lina kunabwera mnzake wa kusukulu. Analowa m'bafa kukasamba m'manja. Anatuluka akuseka. Anati limenelo ndi bafa la makanda. Manyazi anamugwira Kamphepo. Kuyambira tsiku limenelo anadana nawo abakha aja.

Amayi ake a Kamphepo ntchito yawo inali yopenta. Ankapenta nyumba za anthu. Ankapenta masitolo ndi masukulu. M'zikhadabo zawo simunkasowa penti. Ndiye Kamphepo anayamba kuwapempha. M'mawa, kupempha. Masana, kupempha. Madzulo, kupempha. Mwana ameneyu akafuna chinthu, abale, makutu ako sapuma. Amayi anatopa nako. Anati chabwino, Loweruka apenta.

Koma m'nyumbamo munalinso mwana wina. Anali mng'ono wake wa Kamphepo. Anali wa zaka zinayi. Iyeyo ankamutcha Kachete. Kachete sankakonda kuyankhula. Kukabwera alendo, ankabisala kuseri kwa Abambo. Ukamufunsa kanthu, ankangogwedeza mutu.

Koma m'bafa mokha, Kachete ankayankhula. Anali ndi kapu yake yofiira. M'mawa uliwonse ankatunga madzi ndi kapuyo. Ankayima patsogolo pa bakha woyamba.

"Mwadzuka bwanji, a Bakha?" ankatero.

Kenako ankamuthira madzi. Wachiwiri, moni ndi madzi. Wachitatu, moni ndi madzi. Ankawauza maloto ake. Ankawauza za nsapato yake yosowa. Onse asanu ndi awiri akasamba, m'pamene nayenso ankasamba.

Kamphepo ankazidziwa zimenezi. Tisamubisire ayi, ankazidziwa bwinobwino. Ndi iyeyo amene ankagogoda pachitseko. Ndi iyeyo amene ankati Kachete afulumire. Koma tsiku lopempha penti sanaganizeko za kapu yofiira.

Lachisanu, Abambo anamutenga Kachete. Anapita naye kwa azakhali. Fungo la penti limamutsokomoletsa. Anati akakhala kumeneko mpaka penti atauma. Kachete ananyamula kachikwama kake. Anabayibitsa ndi dzanja. Palibe amene anamuuza za abakha. Palibe amene anamufunsa.

Loweruka linafika. Amayi anavala ovololo yawo. Anatulutsa zitini ziwiri ndi mabulashi. Anatulutsanso sandipepa, pepala lokhakhala ngati mchenga. Anamufotokozera Kamphepo kuti tailosi imaterera. Penti sagwira poterera. Uyambe watsuka, litsiro la sopo lichoke. Kenako ukweche ndi sandipepa. Ukweche mpaka kunyezimira kuthe. Ukadumpha tailosi imodzi, penti amadzamatuka pomwepo.

Amayi anatenga matailosi a m'mwamba. Kamphepo anatenga a m'munsi. Ndipo anayambira pa abakha.

Kwe, kwe, kwe! Diso la bakha woyamba linafufutika. Kwe, kwe, kwe! Mlomo unafufutika. Phiko linafufutika. Kamphepo anakwecha ndi mphamvu zake zonse. Anakwecha wa pazenera. Anakwecha wa mng'alu pakhosi. Anakwecha akuyimba. Abakha asanu ndi mmodzi anasanduka fumbi.

Kunatsala mmodzi, wa kuseri kwa ndowa uja. Nthawi yomweyo anzake anamuyitana panja. Anali atabweretsa chingwe chodumpha. Miyendo ya Kamphepo inayamba kuyabwa. Anayang'ana pakona. Panali pothina. Panali pamdima. Anati ndani angaone pamenepo? Anataya sandipepa pansi.

"Wakwecha ponse?" anafunsa Amayi ali pamakwerero.

"Eee, Amayi. Ndamaliza ponse."

Anatero, n'kuthamanga.

Madzulo anapaka penti woyamba. M'mawa mwake anapaka wachiwiri. Mzere wapansi wokha unali usanapentedwe. Amayi anamupatsa Kamphepo kabulashi kakang'ono. Anati apente mzere wapansi yekha. Atafika pakona, anasuntha ndowa. Bakha uja anamuyang'ana ndi diso lake limodzi. Kamphepo anapaka msangamsanga. Bakha anabisika.

Amayi anatseka chitseko. Anati bafa lipume masiku asanu ndi awiri. Penti aume, alimbe. Masiku onsewo ankasambira m'beseni kuseri kwa nyumba.

Tsiku lotsegula linafika. Bafa linali loyera mbee! Linkaoneka lalikulu. Linkaoneka latsopano. Abambo anayimba mluzu. Anati tsopano azilowamo atavala tayi. Kamphepo anavina pakhomo.

Masana Kachete anabwera kuchokera kwa azakhali. Sanavule n'komwe nsapato. Anathamangira kubafa. Anatenga kapu yake yofiira. Anatunga madzi. Anatembenukira kukhoma.

Anayima.

Anayang'ana pazenera. Poyera. Anayang'ana pafupi ndi mpope. Poyera. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko.

Kachete sanalire. Akanalira bwenzi zili bwinoko. Anangobwezera madzi m'ndowa. Anayika kapu pazenera. Anatuluka mwakachetechete.

Tsiku limenelo Kachete anakana kusamba. Tsiku lachiwiri anakana. Tsiku lachitatu anakana. Akamufikitsa pakhomo la bafa, ankagwira chitseko zolimba. Abambo ankangomupukuta ndi kansalu konyowa. Ndipo sankayankhula ndi aliyense. M'mawa m'nyumba munkangoti zii. Apa m'pamene onse anazindikira. Kamawu ka m'bafa kaja ndi kamene kankadzutsa nyumba.

Kamphepo anamva chisoni. Anamva chisoni kwambiri. Chakudya sichinkamukomera. Anajambula abakha papepala. Anawapaka chikasu. Anawamata pakhoma ndi selotepi. Madzi atawagwera, anafewa n'kugwa pansi. Kachete sanawayang'ane n'komwe.

Kamphepo anapita kwa Amayi. Anawapempha kuti achotse penti yense. Amayi anapukusa mutu. Anati pentiyo wagwira zolimba. Anati ngakhale atamupala, abakha mulibemo. Sandipepa anawadya kale. Amayi anakhala pansi n'kuusa moyo.

"Nanenso ndinalakwa, mwanangu," anatero. "Bafa ndi la tonse. Bwenzi titamufunsa."

Mnzake wa kusukulu uja anabweranso. Analowa m'bafa. Anati tsopano ndi lokongola zedi. Kamphepo anayang'ana kumbali. Bafa loyera analipeza. Koma ankasambamo atayang'ana pansi.

Loweruka lina Amayi anamutuma Kamphepo kukakolopa m'bafa. Anakolopa pakhomo. Anakolopa pakati. Anasuntha ndowa kuti akolope pakona.

Penti wa pakona anali atatupa. Anatupa ngati thuza la pachala. Pa tailosi imodzi yokha. Tailosi imene sanakweche ija.

Kamphepo anabwezera ndowa msangamsanga. Amayi ankanyadira kuti penti wawo samatuka. Akaona, adziwa. Adziwa kuti sanamalize. Adziwa kuti ananama. Ndowa ikakhala pomwepo, palibe amene aone.

Anatenga chokolopera kuti azituluka. Maso ake anagwera pazenera. Kapu yofiira inali pomwepo. Inali youma. M'kati mwake munali fumbi.

Kamphepo anayang'ana kapu. Anayang'ana ndowa. Kenako anakumbukira diso limodzi lija. Sandipepa sanafikepo pamenepo!

Anatuluka m'bafa. Ulendo uno sanathamange. Anapeza Amayi akutsuka mabulashi panja.

"Amayi, ndinakunamizani," anatero. "Sindinakweche ponse. Ndinasiya imodzi, kuseri kwa ndowa. Penti watupa."

Amayi anasiya bulashi. Anamuyang'ana m'maso. Kamphepo ankafuna kuthawa, koma anayima pomwepo.

"Bodza limenelo landiwawa," anatero Amayi. "Ndinakukhulupirira."

"Pepani, Amayi." Misozi inatsika. "Koma pamenepo pali bakha."

Amayi anayimirira. Anapukuta manja pa ovololo. Kenako anamutuma kukatenga kampeni kawo m'bokosi la zida.

Anagwada onse awiri pakona. Amayi anacheka penti m'mbali mwa tailosi. Anacheka pamwamba. Anacheka pansi. Anacheka kumanja ndi kumanzere. Anatukula kakona kamodzi ndi nsonga ya mpeni. Anati Kamphepo akoke yekha. Koma akoke pang'onopang'ono.

Kamphepo anagwira ndi zala ziwiri. Anakoka pang'onopang'ono. M'moyo wake wonse anali asanachitepo kanthu pang'onopang'ono chonchi. Penti anasendeka ngati khoko la nthochi. Kunatuluka phazi. Kunatuluka phiko. Kunatuluka mlomo. Kunatuluka diso.

Bakha anali bwinobwino. Ndi litsiro lake la sopo lomwe.

Kamphepo anatsuka kapu yofiira. Anapita nayo kuchipinda. Kachete anali pakama, akusewera ndi sokosi. Kamphepo sanamukoke. Sanamufulumizitse. Anangomuonetsa kapu, n'kutambasula dzanja. Anadikira. Anadikirabe. Kachete anatsika pakama.

Pakhomo la bafa Kachete anagwira chitseko. Kamphepo analoza pakona. Kachete anasuzumira. Anasiya chitseko. Anayenda pang'ono. Ananjuta. Anakhudza mlomo wa bakha ndi chala.

"Mmodzi," anatero Kachete.

Amayi anagwira pakamwa. Abambo anafika pakhomo mwakachetechete.

Kachete anayang'ana khoma lonse loyera. Anayang'ana mkulu wake.

"Enawo, achemwali?"

Kamphepo akanatha kunena kuti akugona. Akanatha kunena kuti anauluka. Koma mabodza anali atamukwana.

"Sabweranso," anatero. "Ndinawakwecha ndine. Ndinkafuna bafa loyera. Sindinakufunse. Pepa, mng'ono wanga."

Tsopano Kachete analira. Analira kwambiri, kulira kumene anasunga masiku onse aja. Kamphepo anamukumbatira. Nayenso analira. Amayi ndi Abambo anawasiya alire.

Atatonthola, Kachete anapukuta mphuno ndi mkono. Anatenga kapu yake. Anatunga madzi.

"Mwaswera bwanji, a Bakha?" anatero. Anathira madzi pang'onopang'ono. Kenako anatunganso. Anapereka kapu kwa Kamphepo.

"Nanunso musambitseni. Watsala yekha."

Kamphepo analandira ndi manja awiri. Anapereka moni. Anathira madzi. Kachete anatunganso, n'kupatsa Amayi. Anatunganso, n'kupatsa Abambo. Abambo anagwada ndi thalauza lawo lakuntchito. Linanyowa m'maondo. Anati bakha ameneyu ndi bwana, akusambitsidwa ndi anthu anayi. Kachete anaseka. Kenako anavula diresi yekha, n'kupempha sopo.

Mpaka lero bafa lija ndi loyera. Pakona pokha pali tailosi imodzi yobiriwira. Ndowa anayisunthira kwina. M'mawa uliwonse kamawu kaja kamamveka. Moni tsopano ndi umodzi, sachedwanso.

Kamphepo sagogodanso pachitseko. Amadikira panja ndi thaulo lake. Akalowa, amadziwa pamene panali abakha ena aja. Pazenera. Pafupi ndi mpope. Nthawi zina amakhudzapo ndi dzanja. Kenako amatenga kapu yofiira, n'kugwada pakona.