Mwala Wochotsa Nkhawa

Gracian ankanyamula katundu wa anthu padoko la Nkhata Bay, koma maso ake ankakhala ku Mwaya, kumene mnzake Morgan ankagulitsa timiyala kwa azungu. Morgan anali atagula kale njinga yamoto, pomwe Gracian ankagonabe m'nyumba yodontha ndi mkazi wake Thandie ndi kamwana kawo, Naomi. Kaduka kanamudya mpaka anakapezeka kwa mayi wina wazitsamba ku Mpamba.

Mayiyo anamupatsa mwala wa mtundu wa pepo, wonyezimira, wofewa moti unkasendeka ndi chikhadabo ngati mamba a nsomba. Azungu amati mwala wotere umakhazika mtima pansi.

"Mukasenda kamodzi, Ada, ndalama zibwera zokha," anatero mayiyo. "Koma kachibenthu kalikonse kadzachotsa chinthu chimodzi chimene mumachidera nkhawa."

"Nanga malipiro ake, Ama?"

"Ndi omwewo."

Chitsirucho chinatuluka chikuseka, ati chawapusitsa amayiwo. Munthu akupatse chuma, akuchotserenso nkhawa?

Gracian atayamba kusenda mwalawo, ndalama zinabweradi. Anatsegula golosale paboma, nagula minibasi ziwiri za ku Mzuzu. Poyamba analeka kuganiza za denga lodontha. Kenaka anamuuza kuti mayi ake agonekedwa m'chipatala, iye n'kungoyasamula. Anthu, pokhala amagwadira aliyense wa m'thumba molemera, ankamutama kuti ndi bambo wodekha.

Tsiku lina Naomi anatentha thupi n'kuyamba kukomoka. Thandie anathamanga naye kugolosale, nagwada pamaso pa anthu, kupempha kuti minibasi imodzi iwaperekeze kuchipatala. Gracian anali atasenda mwala m'mawa womwewo.

"Minibasi yadzaza kale, mayi a Naomi," anatero mwaulemu. "Mudikire ya masana."

Naomi anatsirizika kumsana kwa mayi ake, ali panjira.

Pamaliro, Gracian ankadziwa kuti bambo amayenera kulira. Anayesa kufunafuna chisoni mumtima mwake koma sanapezemo kanthu, ndiye anangofunsa ngati tiyi wapsa. Thandie anamulavulira kumapazi, nalongedza n'kubwerera kwawo. Izinso sizinamukhudze.

Anapitiriza kusenda mpaka analeka kulabadira za kusamba, kenaka za kudya. Anamupeza atauma pampando m'golosale mwake, pakati pa matumba a mpunga, nkhope ili phee.

Inu osirira chuma chachidule, imvani. Munthu amene akuda nkhawa ndiye kuti ali ndi anthu owakonda. Dyera likakuuzani kuti musinthanitse zimenezo ndi ndalama, dziwani kuti mwagulitsa umunthu wanu, ndipo palibe adzakulireni.