Mtsikana wa pa Khoma la Chigayo

Wakabaza anaima pamphambano ya ku Ndunde, Yunis n'kutsika miyendo itachita dzanzi. Asanakutumule n'komwe fumbi pasiketi, foni inalira. Anali a Ignasio, abwana ake a ku ofesi ku Limbe.

"Wafika? Usaiwale, magazini yathu ikupita kosindikiza Lachisanu. Patsamba loyamba ndikufuna nkhope ya mwanayo. Chaka chatha unatibweretsera zithunzi za madenga a sukulu, anthu otithandiza anadandaula. Ukabweranso chimanjamanja, ntchito imeneyi ndipatsa wina."

"Ndamva, bwana," anayankha Yunis.

Yunis ankagwira ntchito yofalitsa nkhani kubungwe lina lothandiza ana mwaulere pa zamalamulo. Kukhoti ankapita ndi maloya. Iye mbali yake inali kulemba nkhani, kujambula zithunzi ndi kukonza mapulogalamu a pawailesi kuti makolo ndi ana adziwe kothawira. Ntchitoyo ankaikonda, ndipo sankafuna kuti imupulumuke. Tsikulo anatumidwa kukajambula Tracy, mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu amene amalume ake anamutulutsa sukulu n'kukamusiya m'tauni kuti azilera mwana wa eni. Loya wa bungwelo ndiye anakambirana ndi banjalo mpaka mwanayo anabwerera m'kalasi.

Chimene a Ignasio sankadziwa n'chakuti Yunis anakulira komweko, ndipo mayi wa Tracy, Nester, anali mnzake wa ponda apa nane ndipondepo.

Zaka khumi ndi zisanu zinali zitapita chichokereni Yunis kumudziko, koma njira inali yomwe ija. Nandolo anali atayamba kuuma m'minda, m'madimba kabichi ali mbuu ndi fumbi, ndipo phiri la Chiradzulu linali poteropo monga analisiyira. Pabwalo lina atsikana ankasewera fulaye ndi mpira wa mapepala, akukangana ngati mmene ankakanganira iwo kale. Yunis anamva chisoni chosakanikirana ndi chimwemwe. Atafika pachigayo cha a Salimu anafulumiza mapazi, osayang'ana khoma lake.

"Iii, Yunis iwe!" anakuwa Nester, n'kutaya tsache pansi. "Ukudya chiyani ku Limbeko? Si iwe uja tinkati mphepo ikuuluza?"

"Nanga iwe pakamwa sipanatope mpaka pano?"

Anakumbatirana mpaka kutsala pang'ono kugwa. Nester anayala mkeka pansi pa mtengo wa mapeyala, nabweretsa chinangwa chophika ndi mchere wa tsabola. Anakumbutsana za mango a aphunzitsi amene ankagenda pobwera kusukulu, ndi za tsiku limene Nester anaswa mtsuko wa mayi ake n'kunamizira mbuzi. Anaseka mpaka misozi.

Kenako Yunis anatulutsa pepala lopempha chilolezo chojambula mwana. Anayamba kuliwerenga mokweza, koma Nester anamulanda cholembera.

"Usadzivute. Anthu amene mwandibwezera mwana wanga ndingakukanizeni chiyani? Olo mukanati nkhuku, bwenzi nditagwira kale." Anasayina osawerenga ngakhale mzere umodzi.

Posakhalitsa Tracy anafika kuchokera kusukulu, makope ali m'jumbo, yunifolomu yayifupi pang'ono koma yochapa bwino. Anagwada chapatali n'kupereka moni.

"Tracy, ine ndine Yunis, mnzawo wa mayi ako. Tikufuna tilembe nkhani yako m'magazini, pamodzi ndi chithunzi chako, kuti ana ena athandizike. Ukulola?"

Mwanayo anayang'ana mayi ake, kenako pansi.

"Eee, anti."

Basi, zonse zinali m'malo. Mayi wasayina, mwana wavomera. Yunis anamuimika pafupi ndi chitseko n'kukweza kamera. Koma poyang'ana pagalasi anaona chala chachikulu cha phazi la Tracy chikukumba dothi, uku manja atakanikiza jumbo ija pachifuwa. Kaimidwe kameneko Yunis ankakadziwa.

Yunis anali ndi zaka khumi, makolo ake onse atamwalira, pamene kwa azakhali ake kunabwera galimoto yoyera. Alendowo analankhula mwaulemu, ndipo azakhali anamunong'oneza kuti, "Vomera, mlendo sakanidwa." Iye anati eee. Anamuvulitsa juzi yake yabwino, anamuimika pakhomo la khitchini yakugwa, n'kumuuza kuti asamwetulire. Patapita miyezi iwiri chithunzicho chinamatidwa pakhoma la chigayo, chachikulu ngati chitseko, pansi pake atalemba kuti "Thandizani ana amasiye." Kuyambira tsiku limenelo dzina loti Yunis linafa. Kusukulu, kumjigo, ngakhale kutchalitchi, anali Thandizani. Kuchigayo anasiya kupita, chimanga chake ankamusenzera ndi Nester.

Yunis anatsitsa kamera.

"Nester, tandipatsako madzi akumwa."

Nester atalowa m'nyumba, Yunis anakhala pansi, nauza Tracy kuti akhale naye pamkeka.

"Anzako kusukulu akudziwa kumene unali miyezi ija?"

"Ayi. Ndinawauza kuti ndimadwazika azakhali."

"Nanga akaona chithunzi chako?"

Tracy anayankha ndi mawu ang'onoang'ono. "Azinditchula kuti wantchito. Pali mnyamata wina, Mabvuto, ameneyo akagwira nkhani sataya. Ndiye bola kungosiyanso sukuluyo."

"Nanga unavomereranji?"

"Akuluakulu sakanidwa, anti. Komanso munatithandiza."

Kumbuyo kwawo kunamveka kapu ikugunda pansi. Nester anali ataima pakhomo, madzi atatayikira pachitenje.

"Thandizani," ananong'ona. "Mayo ine, ndinaiwala bwanji?"

"Unaiwalanso chitsekero cha botolo?" anafunsa Yunis.

Nester anaseka misozi ili m'masaya, natembenukira kwa mwana wake. "Tracy, anti akowa chithunzi chawo chinali pachigayo paja. Tsiku lina masana ine ndinatopa nazo. Tinatola zitsekero za mabotolo, tinapala nkhope yonse mpaka zala kutuluka magazi. A Salimu anatithamangitsa ndi lamba wa chigayo, ife ulendo m'munda wa nandolo, kuseka ngati amisala." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, natambasula dzanja. "Yunis, ndibwezere pepala langa lija."

Yunis anamupatsa. Nester analing'amba pakati, n'kuling'ambanso.

"Koma nanga ntchito yako? Sakakuchotsa?"

"Kaya," anatero Yunis, ndipo kunena zoona mantha anali nawo. Anakhala akutembenuza kamera m'manja kwa kanthawi, kenaka anaikoleka m'khosi mwa Tracy. "Iwe, unagwirapo chinthu chimenechi? Tiye kuchigayo, ukandijambule ine. Ine ndine wamkulu tsopano, ndikati eee ndi eee weniweni."

Anapita onse atatu. Khoma lija anali atalipaka penti kangapo, panalibe ngakhale kachizindikiro, koma Yunis anaima pamalo penipeni. A Salimu, imvi zili mbuu kuposa ufa, anasuzumira pazenera namuyang'anitsitsa.

"Kodi si Thandizani ameneyu?"

"Ndi Yunis, agogo," anatero Tracy, kamera ili kumaso. Chithunzi choyamba anadula mutu, chachiwiri chinapendama. "Anti, mwetulirani!" Chachitatu chinatuluka bwino.

Lachisanu m'mawa Yunis anaika mapepala patebulo la a Ignasio. Pamwamba panali chithunzi chake chomwe, ataima pakhoma la chigayo, ndi nkhani ya mtsikana wa zaka khumi amene anataya dzina lake chifukwa cha chithunzi. Pansi pake panali nkhani ya Tracy, dzina ndi mudzi zitasinthidwa. Yunis anaima manja kumbuyo, akudikira kuti auzidwe zolongedza katundu.

A Ignasio anawerenga mpaka kumapeto, nayambiranso. Anavula magalasi, anayang'ana chithunzicho, nayang'ana Yunis. Ndiyeno anatenga cholembera, nalemba pakona kuti "Tsamba loyamba."

"Sindinkadziwa," anatero motsitsa mawu. "Koma tandiuza, mwana ndinakutuma uja ali kuti?"

"Ali m'kalasi, bwana," anayankha Yunis. "Kumene tinamubwezera kuja."