Injini Yokana Kuzima

Makaniko uja analakwa, ndipo lero sakananso. Anamva chimene chinkalira mu injini ya mlamu wake, anachidziwa bwinobwino, koma ananena china.

Anthu ankamutcha Khutu. Galimoto ikafika pagalaja pake, iye sankathamangira sipanala. Ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kuigunditsa pa injini, chogwirira n'kuchikanikiza kukhutu, n'kutsinzina. Mphindi ziwiri, matenda wawapeza. Makamaka galimoto za thebo, kachipangizo kaja kamene kamazungulira ndi utsi wa ekizozi n'kumapopera mpweya mu injini. Ankati chikakhala chitini chotchinga kutentha chakhwefuka, chimangoti ngwe ngwe ngwe, ukachidina ndi ndodo chimaleka. Kakakhala kandodo ka valavu, kamachita tcheketcheke ukachotsa phazi pa moto. Koma ukamva ngati supuni ikukwecha m'kapu yachitsulo, pamwamba pake kalikhweru, ndiye kuti mapiko a thebo akukhula m'khoma, oyilo wayamba kulowa kosayenera. Injini ya dizilo ikayamba kumwa oyilo wakewo imalusa. Uchotse kiyi, siizima.

Mlamu wakeyo, mwamuna wa mlongo wake, ankayendetsa pikapu yonyamula matabwa. Anali munthu wapakamwa. Chaka chimene mkazi wa Khutu anathawa, abale atasonkhana, mlamuyo anakweza mawu.

"Alamu amamva nati ikukhwefuka galimoto ili kutsidya kwa msewu. Koma mayi akunyumba akutseka sutikesi m'chipinda momwemo, osamva."

Anthu anaseka mpaka misozi. Mlongo wa Khutu nayenso anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Khutu naye anamwetulira. Koma anazisunga.

Patapita miyezi inayi, pikapu ija inabwera ikulira. Khutu anaika sikuludiraiva kukhutu. Supuni m'kapu. Anamasula payipi, n'kupisa chala. Chinatuluka chakuda ndi oyilo, ndipo mapiko ankagwedera ngati dzino la mwana. Anabwezeretsa payipi, n'kumanga nati imodzi pachitini, n'kumuuza mlamu wake kuti palibe vuto, angoyenda. Ankadziwa kuti mawa lake atsika phiri ndi katundu wodzaza. Mumtima ankati akungofuna kuti galimoto imufere kutchire, aimbe foni akuchonderera, naye aseke.

Amene anaona amati pikapu inatsika phirilo ikubangula, utsi woyera utatseka msewu wonse. Pamaliro a mlamu wakeyo, Khutu ananyamula bokosi kutsogolo. Mlongo wake anamufunsa kamodzi kokha ngati galimoto inali bwino. Iye anati inali bwino.

Panapita zaka zisanu ndi ziwiri.

Linali Lachinayi, kutangoda, magetsi atazima dera lonse. Khutu anali yekha m'galaja, akusamba m'manja ndi palafini. Geti lachitsulo anali atalikoka theka. Tochi anaiimika pabenchi.

Anaimva galimoto asanaione. Inali isanakhote n'komwe pakona. Supuni m'kapu, pamwamba pake kalikhweru.

Pikapu ija inalowa yosayatsa nyali. Inaima pamwamba pa dzenje lokonzera. Kumbuyo kunali matabwa, omangidwa ndi chingwe. Khutu anapukuta manja pa ovolosi, n'kunena kuti atseka, abwere mawa. Galasi la dalaivala linatsika pang'ono, mpata wa dzanja basi.

"Alamu. Tamverani injiniyi."

Mawuwo anali ofatsa, ngati a munthu wopempha machesi.

Khutu anacheuka. Geti linali lotseka mpaka kumapeto. Geti limenelo limalira likamakokedwa, anthu a msewu wonse amalidziwa. Iye sanamve kanthu.

Manja ake anachita zimene anazolowera. Anatola sikuludiraiva, n'kutsegula boneti. Injini inkalira, koma chitsulo chinali chozizira ngati chagona pamame. Anagunditsa nsonga, n'kutsinzina. Phokoso lija linakwera m'chitsulo, n'kulowa m'mutu, n'kukafika m'mano.

Wa m'galimotoyo anafunsa kuti vuto n'chiyani.

Bodza likakhala zaka zisanu ndi ziwiri pa lilime limatuluka lokha. Khutu anangomva pakamwa pake pakuti n'chitini chabe.

Injini inakwera mawu.

Dzanja linatuluka pagalasi paja. Linatambasula zala. Kiyi anagwa pansi, n'kudumpha, n'kuima pafupi ndi nsapato yake. Injini siinazime. Inakweranso. Masipanala opachika kukhoma anayamba kugundana. Kumbuyo kunatuluka utsi woyera, wolemera, wonunkha oyilo wopsa. Unayamba ndi kukwawa pansi, n'kudzaza dzenje, n'kufika m'mawondo.

Mankhwala a injini yolusa Khutu ankawadziwa: uitseke mpweya. Anazula payipi ndi manja, n'kusolola kathabwa pansi pa benchi, n'kukakanikiza pakamwa pa thebo. Injini inakakoka, n'kukaswa pakati ngati bisiketi. Anavula jekete, n'kuipanikiza pomwepo. Inameza mpaka mabatani. Anathamangira kugeti. Anakoka, anamenya ndi phewa, anaitana. Mawu ake ngakhale iye mwini sanawamve.

Koma a m'galimoto ankamveka bwinobwino, pansi pa chiphokoso chonsecho. Ankafotokoza mosathamanga. Anati phiri lija n'lalitali kuposa mmene limaonekera. Anati kiyi anamuchotsa pakona yoyamba, ndipo anali naye m'manja mpaka pansi. Anati mabuleki anawaponda ndi mapazi onse awiri mpaka anamva fungo lake. Ndipo njira yonseyo sanatukwane munthu. Ankangodabwa, kuti alamu ake sanaphonyepo matenda a galimoto, lero zatheka bwanji. Anati kumene ali anapeza nthawi yoganiza, ndipo wasiya kudabwa.

Utsi unafika pachifuwa. Tochi ija inangotsala kadontho kachikasu.

"Khutu lanu n'lotchuka, alamu. Mverani bwino. Ine nthawi ndili nayo. Inu ndi amene mpweya ukukutherani."

Khutu anatsokomola mpaka maso anachita mdima. Anakwawa motsata tayala, n'kugwira chitseko cha dalaivala. Anafuna kukoka. Kenako anasiya. Sankafuna kuona chimene chinakhala pampandopo. Kalikhweru kaja tsopano kanali ngati msomali ukulowa kukhutu lakumanja, pang'onopang'ono, wina akuukhoma mosapupuluma. Anamva chofunda chikutsika m'khosi.

"Ndifunsanso kamodzi. Vuto n'chiyani?"

Amene anamupeza m'mawa ndi mlonda wa sitolo yoyandikana. Geti linali lokoka theka. Galimoto munalibe, utsi munalibe, pansi panalibe ndi mkwaso wa tayala womwe. Khutu anali atagwada m'mbali mwa dzenje, wamoyo, manja akuda bii ndi oyilo mpaka m'zigongono. Magazi anali atauma kuchokera kukhutu lakumanja mpaka pakolala. Jekete yake siinapezeke. Khutu limenelo silinamvenso mpaka lero, ndipo galimoto za thebo amazibweza zili pageti.

Anthu amanong'onezana zosiyana. Ena amati fungo la palafini linamuzunguza mutu. Ena amati mwini pikapu anabwera kudzatenga chake, ndipo anangotenga theka. Mlongo wa Khutu, chimvereni nkhaniyi, amangodutsa pagalajapo maso ali kutsogolo.

Mlonda uja amalumbira kuti usiku wonse panalibe galimoto imene inakhota pakona paja. Injini sanaimve. Chimene anamva, kudzera m'khoma, ndi munthu mmodzi akukuwa m'galaja yachete, mmene amakuwira munthu wolimbana ndi chiphokoso.

"Ndi thebo, alamu. Ndinaimva tsiku lija. Ndinapisa chala, ndinaona oyilo, ndinadziwa za phiri. Ndinakusiyani dala mupite. Ndinakuphani ndine. Pepani, alamu. Pepani."