Kachitsulo ka Nambala 417

Pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Makwasa, nyumba ya a Yesaya Namakhwa inkadziwika ndi pemphero. M'mawa uliwonse belu la ntchito lisanalire, banja lonse linkagwada, ndipo a Yesaya ankapemphera motalika mpaka tiyi kuzizirira m'makapu. Akazi awo, mayi Salome, anali ndi mwana mmodzi, Crispin. M'nyumba yoyandikana nayo munkakhala mng'ono wawo wa mayi Salome, mayi Anesi, wamasiye, ndi mwana wawo Tisungane. Anyamata awiriwa anakulira pamphasa imodzi ndipo ankafanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Chowasiyanitsa chinali mkono wamanzere wa Tisungane, umene unapindika pang'ono atagwa mumtengo wa mapeyala ali wamng'ono.

Crispin atalembedwa ntchito yothyola tiyi, anabwera kunyumba ndi kachitsulo kozungulira kolembedwa 417. Wothyola aliyense anali ndi kake. Ankakaonetsa kwa kalaliki m'mawa, n'kukaonetsanso pasikelo poyeza masamba. Anthu ankachuluka zedi, moti kalaliki sankadzivuta n'kuyang'ana nkhope. Iye ankangoona nambala basi.

A Yesaya anakatembenuza kachitsuloko m'manja mwawo nati, "Mwana wanga, aka ndi dzina lako. Kumene kali, iwe uli komweko. Usabwereke munthu, ngakhale m'bale wako."

Crispin anavomera mwaulemu wonse. Kuvomera ankakudziwa mnyamata ameneyu, ntchito ndiyo inkamuvuta. Mame a m'bandakucha ankamunyowetsa mpaka m'chiuno, dengu linkamukhadzula mapewa, ndipo pakutha mwezi umodzi anali atadana nawo mtengo uliwonse wa tiyi m'boma lonse la Thyolo.

Apa ndi pamene anakumana ndi Benard, mlonda wochotsedwa ntchito, amene ankaswera pamalo ena otchezera kachasu kuseri kwa mitengo ya bulugamu.

"Aise, thupi labwinoli ulithere m'tiyi?" anatero Benard akumupatsa kapu. "Amene amamwa tiyiyu kunja uko sakudziwa n'komwe. Lawa kaye aka, katenthetse m'chifuwa."

"Akandilemba kujomba, madala andimaliza," anayankha Crispin.

"Kujomba kwa chiyani? Suli ndi m'bale wofanana naye? Mupatse nambalayo. Kalaliki amawerenga chitsulo, osati mphuno."

Tisungane anali atangolemba mayeso a Fomu 4, akudikira zotsatira. Crispin anamunamiza kuti msana ukumupweteka ndipo akuopa kuchotsedwa ntchito. Mnyamata wachifundoyo anavomera kumugwirira kwa masiku atatu. Masiku atatuwo anasanduka miyezi itatu. A Yesaya ankagwira kufakitale, mayi Anesi ankathyola kumunda wina wakutali, ndiye panalibe woona. Koma mayi Salome anali ndi maso.

Tsiku lina akumuthirira madzi osamba m'manja, anamugwira dzanja. "Crispin, zala izi si za munthu wothyola tiyi. Anzako zala zinada, zinang'aluka. Zako zikuoneka ngati za mlembi wa mpingo. Nanga za Tisungane zang'alukiranji? Ndipo fungo ili m'kamwamu ndi la chiyani?"

"Amayi, mumangondiganizira zoipa," anatero Crispin, n'kudzuka osadya.

Mowa umafuna mnzake. Posakhalitsa Benard anamuonetsa kashedi ka m'munda kosungiramo feteleza, ndipo masanasana, mlonda akapita kukadya, awiriwo ankazembetsa matumba. Akuluakulu atayamba kufufuza, wina anatchula Crispin. Kalaliki anamuikira kumbuyo: nambala 417 inali m'munda tsiku lonse, ikuthyola tiyi. Crispin anaseka mpaka misozi. Tisungane atamva, sanaseke.

Linali tsiku la chiperoni, nkhungu itaphimba minda moti munthu sankaona mnzake patali mikono khumi. Anthu ataweruka masana, Crispin anamudikira m'bale wake kumunsi kwa munda wa nambala 9, pamene antchito anali atakumba ngalande yatsopano. Anali atamwa kuyambira m'mawa.

"Achimwene, msana uja ndi umene ukunyamula matumba a feteleza?" anafunsa Tisungane. "Ine ndikukhetsa thukuta kuti inu muzibisala kuseri kwa thukuta langalo?"

"Tseka pakamwa. Bweretsa nambala yangayo."

"Pano ayi. Ndikakubwezerani pamaso pa abambo, amve okha."

Tisungane anatembenuka kuti azipita. Crispin anaona nkhope ya bambo ake m'maganizo, anaona apolisi, anaona mpingo wonse ukumuyang'ana. Dzanja linatola mwala mutu usanaganize. Anamenya kamodzi kokha, kunkhongo, ndipo Tisungane anagwa chafufumimba osalira n'komwe.

Mowa wonse unathera pomwepo. Anamugwedeza, anamuitana, anamupempha kuti adzuke, koma kunali zii. Anapisa m'matumba onse kufuna kachitsulo kaja, osakapeza. Atamva mawu a anthu m'nkhungu chapamtunda, anatola khasu limene okumba ngalande anasiya, n'kumukwirira m'bale wake m'dothi lofewa pansi pa mzere womaliza wa tiyi. Masiku otsatira anafunafuna kachitsuloko m'masamba, koma sanakaone. Anakauza kalaliki kuti kanagwera mumtsinje, ndipo anamupatsa nambala ina.

Kwa mayi Anesi anapita ndi bodza lokonzakonza, atabisa kale zovala za malemuyo. "Amayi aang'ono, Tisungane wapita ku Joni ndi galimoto ya anthu ena. Anati ndisaulule mpaka atadutsa Mwanza. Akafika aimba foni."

Mayi Anesi analira, kenako anayamba kudikira. Zotsatira za mayeso zinatuluka, mwana atakhoza bwino, iwo anasunga pepalalo m'Baibulo. Foni yawo yaing'ono sinkazima. Batire likatsala pang'ono ankathamanga nayo kokatchajitsa ngati mwana wodwala, ndipo nambala yachilendo ikaimba ankayankha ndi mawu amodzi: "Tisungane?" Disembala aliyense, a ku Joni akamabwera ndi katundu, iwo ankakaima pasiteji n'kumayang'ana nkhope imodziimodzi.

Crispin anasiya mowa, osati chifukwa cha kulapa koma chifukwa choopa kuti lilime lingamutereke. Benard anasowa m'deralo. Crispin anabwerera kutchalitchi, anagwira ntchito molimbika, ndipo patapita zaka anamukweza kukhala kapitawo. Ankawatemera nkhuni mayi Anesi ndi kuwakonzera denga, anthu n'kumati, "Mwana wa a Yesaya ndiye mwana." Mawu amenewo ankamubaya kuposa chitonzo. Crispin anawasamutsira mayi Anesi m'gulu lake, ndipo kawiri pamwezi gululo linkathyola m'munda wa nambala 9. Masiku amenewo kapitawo ankaima kumtunda, osatsikira kungalande.

Zinatha zaka khumi ndi ziwiri. Tsiku lina manijala analengeza kuti tiyi wa m'munda wa nambala 9 wakalamba, azulidwe, adzalemo mbewu yatsopano.

"Bwana, munda umenewu ukubereka bwino," anatero Crispin. "Bwanji tiyambe ndi wa nambala 4?"

"A Namakhwa, mitengo imeneyo ndi yakale kuposa agogo anu. Lolemba thalakitala ikulowa, ndipo woyang'anira ndinu."

Mzere ndi mzere thalakitala inatsika phiri, ndipo Crispin ankawerenga mizere yotsala. Lachinayi unyolo unakoka chitsa cha mzere womaliza. Dothi linang'ambika, ndipo pakati pa mizu panatuluka chinthu chozungulira, chofiirira ndi dothi. Woyendetsa thalakitala anazimitsa injini n'kudumpha akukuwa, "Mayo! Chigaza cha munthu!"

Apolisi anabwera n'kuzunguza malowo ndi chingwe. Amene ankatsogolera anali mayi Mildred, wofufuza milandu, munthu wosapupuluma polankhula. Anabwera ndi dokotala wa ku Blantyre, amene anagwada m'dothi n'kumatola mafupa limodzilimodzi, akuwapukuta ndi kaburashi. Dothi lonse analisefa ngati ufa. Crispin, monga kapitawo, anauzidwa kuti aimirire pomwepo aziletsa anthu kuyandikira.

"Ndi mwamuna, wa zaka pafupifupi makumi awiri," anatero dokotala. "Onani mng'alu uwu kunkhongo. Sanagwe yekha, anamenyedwa. Ndipo fupa ili la mkono wamanzere linathyokapo ali mwana, n'kulumikizana mopindika."

Kenako m'sefamo munalira kanthu kuti ngwe. Mayi Mildred anakatola pakati pa timafupa ta m'khosi, kali ndi kachidutswa ka chingwe cha nayiloni. Crispin anakazindikira pomwepo. Tisungane ankakavala m'khosi, mkati mwa malaya, malo amodzi okha amene iye sanapisemo. Kanali katakutidwa ndi dothi louma, nambala yosaoneka, ndipo wapolisiyo anakaika m'kathumba ka pulasitiki.

Masabata atatu anadutsa mafupa alibe dzina. Apolisi anayenda m'midzi ya kwa Changata mpaka ku Chimaliro kufunsa mabanja amene anasowa mwana wamwamuna. Anabwera mabanja asanu, koma palibe amene wake anathyokapo mkono. Mayi Anesi sanapiteko. "Ndikatani? Wanga ali ku Joni," anatero. Mayi Salome okha, atamva za mkonowo, anamuyang'ana Crispin nthawi yaitali.

Mphekesera inamveka kuti kachitsulo katsukidwa ndipo apolisi akufufuza m'mabuku akale a antchito, amene ena anadyedwa ndi chiswe. Crispin, munthu woimba kwaya, anagwada n'kupempherera chiswe kuti chikhale chitadya tsamba limodzi lokha. Chakudya sichinkatsika. Galimoto iliyonse ikamveka pamsewu, ankasuzumira pazenera.

Madzulo ena dzuwa likadalipo, banja lonse lili pakhonde la a Yesaya, galimoto ija inaimadi. Mayi Mildred anapereka moni, anakhala pampando umene anawapatsa, n'kuika kachitsulo pambale yadothi imene inali pamphasa. Kanali kakuwala, ndipo aliyense anatha kuwerenga: 417.

"Tinanyamuka kudzauza banja la Crispin Namakhwa kuti tapeza mafupa a mwana wawo," anatero. "Buku likuti nambalayi ndi yake. Koma pageti atiuza kuti Crispin Namakhwa ali moyo, ndipo ndi kapitawo uja ankatithandiza kuletsa anthu. Ndiye bambo, tithandizeninso. Anavala nambala yanu ndani?"

"Inatayika kalekale," anatero Crispin. "Mwina wina anatola."

"Mwina. Nanga pabanja pano palibe amene anathyokapo mkono wamanzere?"

Mayi Salome anaphimba kumaso ndi chitenje. Mayi Anesi anaimirira, foni ili m'manja.

"Wanga anathyokadi mkono, koma ali ku Joni. Anandiuza ndi mwana uyu, ndipo sanandinamizepo."

"Pali njira yodziwira, mayi," anatero wapolisiyo mofatsa. "Timatenga malovu a mayi n'kukawayeza pamodzi ndi fupa. Zimatenga miyezi, koma sizinama."

"Tengani lero lomwe!" anatero mayi Anesi. "Tengani, muone kuti si wanga, musiye kumulodza mwana wanga ali moyo."

Anagwada patsogolo pa wapolisiyo n'kuyasamula kukamwa ngati mwana wolandira mankhwala. Crispin anawaona, imvi zili mbuu, akumuikira kumbuyo iye amene anawaphera mwana n'kuwanamiza. A Yesaya, amene tsopano ankayenda ndi ndodo, anamuyang'ana nati, "Crispin, tsiku lija ndinati chiyani za kachitsuloka?"

Apa Crispin anagwa pansi. "Musayeze, amayi aang'ono. Ndi Tisungane. Sanapite ku Joni. Ndinamumenya ndi mwala ine, chifukwa ankafuna kudzaulula kuti ndikuba. Ndikhululukireni!"

Mayi Anesi sanakuwe. Anatseka pakamwa pang'onopang'ono, n'kufunsa ndi mawu otsika, "Munda wa nambala 9? Mzere wa kungalande uja?"

"Eya, amayi."

"Mzere umene unkandipatsa ine, ukuti ndi wosatsetsereka, woyenera nkhalamba? Zaka zonsezi ndakhala ndikuthyola tiyi pamwamba pa mwana wanga, iwe uli kumtunda ukundiyang'ana?"

Apolisi anamukweza Crispin m'galimoto akulira ngati khanda, ndipo khoti linamutumiza kundende kumene adzatulukeko ali nkhalamba. Kumeneko akuti amapemphera moona tsopano, ndipo za chikhululukiro chake adziwa ndi Mulungu. Mafupa a Tisungane anaikidwa m'bokosi laling'ono, loti munthu mmodzi akanatha kulinyamula, koma dzina lake linalembedwa pamwamba ndi zilembo zazikulu. Atachoka kumanda, mayi Anesi anatulutsa foni ija pachitenje, anaiyang'ana, n'kuizimitsa koyamba m'zaka khumi ndi ziwiri.

Wachinyamata iwe, Crispin sanadzuke m'mawa wina n'kuganiza zopha m'bale wake. Anayamba ndi kuopa mame, kenako kapu imodzi, kenako bodza la msana, kenako thumba la feteleza, ndipo pa zonsezi makolo ake anamuchenjeza. Tchimo laling'ono ukalibisa limafuna lalikulu loti lilibisire. Ulula lero likadali laling'ono, chifukwa chimene wakwirira chili ndi dzina lako m'khosi, ndipo tsiku lozula lidzafika.